Jombo zanga zofika pachifuwa zayamba kulowa madzi, ndimate bwanji?

FUNSO: Akulu, ine ndili ndi madamu awiri a makumba ndi chilunguni kuno ku Namiasi. Chaka chatha ndinagula pa kaunjika jombo zija zolumikizana ndi buluku mpaka pachifuwa, ena amati ma wader, kuti ndizivala pokoka khoka m'damu poti likodzo linandizunzapo kale sindikulifunanso. Pano mwendo wakumanzere ukumanyowa koma ndayang'ana ponseponse bowo sindikuliona. Ndinapaka supagulu pomwe ndimakayikira, masiku awiri okha zayambiranso. Nditaye basi? — Mlimi wa nsomba, Namiasi

YANKHO: Achimwene musataye, zinthu zimenezo sizipezeka wamba kuno. Koma supaguluyo muiwale kaye, akauma amalimba gwa ngati galasi pomwe jombo imapindika sitepe iliyonse, ndiye amangothetheka, mwinanso kukulitsa bowo lomwelo.

Tiyambe taonetsetsa kuti ndi madzi a m'damu osati thukuta lanu. Mangochi wathuyu Okutobala akafika munthu ngakhale utakhala pansi pa mtengo wa mango thukuta limangoyenderera, nanga kuli bwanji utadzitsekera mu labala mpaka pachifuwa? Thukuta limanyowetsa miyendo yonse iwiri mofanana. Inu mwati wakumanzere wokha ndiye bowo lilipo ndithu. Valani buluku louma lotuwa mkati, muime m'damu mphindi 5 osayendayenda, mutuluke muvule. Madzi amatsika pansi, choncho bowo lili cha pamwamba pomwe kunyowako kwayambira, osati kuphazi komwe madzi akasonkhana. Apa ndi pomwe ambiri amalakwitsa, amamata chidendene chosalakwa vuto lili pabondo.

Mukadziwa dera lake, ntchito yotsala ndi yomwe ija amachita okonza njinga za kabaza pamsika akamafuna pomwe chubu chaphulikira. Lowetsani mphepo mkati mwa mwendowo, mupotokole kumtunda kuti ifufume, kenako mupake thovu la sopo kunja n'kufinya pang'onopang'ono. Pomwe patuluke timathovu ting'onoting'ono ndi pomwepo. Lembanipo ndi choko kapena bolopeni nthawi yomweyo chifukwa mukangotembenuka kuyankha moni basi simupaonanso.

Njira ina ndi ya tochi. Usiku, tsekani chitseko, lowetsani tochi ya foni mkati muziyendetsa pang'onopang'ono motsata msoko, kabowo kamawala ngati kanyenyezi. Zikakanika zonsezi tembenuzani mkati mukhale kunja muthiremo madzi, koma chonde lekezani m'mabondo. Lita imodzi ya madzi ndi kilo imodzi, mukadzaza mpaka pachifuwa n'kupachika pa mtengo kulemera kwakeko kung'amba misoko yomwe inali bwinobwino. Ngati mukufuna kuona kumtunda, igonekeni pansi muzisuntha madziwo ndi manja. Malo okonda kubooka ndi pabondo, pakati pa miyendo pomwe pamakhulana poyenda, ndi pomwe buluku lalumikizana ndi nsapato. Ndipo poti mumagwira nsomba musaiwale minga, ya chilunguni ija kapena ya mlamba, kabowo kake kamakhala ngati ka singano.

Tsopano kumata. Apa musathamangire kugula guluu musanadziwe kuti jombo yanu ndi ya chiyani, poti m'mabelo mumabwera zosiyanasiyana.

Ngati ikununkha ngati tayala ndipo ikutamuka mukaikoka, ndi labala, ndipo mwachita mwayi. Sulushoni ndi chigamba cha chubu cha njinga zikwanira. Tsukani, iume kaye kwenikweni, palani ndi sandipepa mpaka kunyezimira kuchoke, pakani sulushoni pang'ono mbali zonse ziwiri, dikirani mphindi 5 kapena 10 mpaka asamakakamire chala, kenako phatikizani n'kupsinja ndi botolo kuchokera pakati kupita m'mbali. Chigamba chipitirire bowo ndi masentimita 2 mbali zonse ndipo muchidule chozungulira, cha makona chimayamba kumatuka pakona pomwepo.

Ngati ndi yosalala yonyezimira ngati pulasitiki ya renikoti, imeneyo ndi PVC, sulushoni wa njinga sagwira bwino, mudzangoona chigamba chikuyandama m'damu. Funsani ku hadiweya guluu womatira PVC yofewa ngati ya tenti, chigamba mudule pa renikoti yakutha. Za mpeni wamoto zija timamatira zidebe ndi mabeseni, pano ayi. Ndinaonapo munthu wina atayesa, kabowo ka singano kanasanduka polowa chala chachikulu.

Ina imakhala yokhuthala ngati siponji, dzina lake neoprene. Iyo imafuna guluu uja amamatira nsapato wopaka mbali ziwiri, mupake m'milomo mwa chong'ambikacho, aume pang'ono, mupakenso, n'kukumanitsa. Ndiye pali ya nsalu yopepuka. Imeneyo ili ndi kachinsinsi kake, mukaitembenuza n'kuwaza sipiriti wa ku famase mkati, pomwe pali bowo pamada msanga kusiyana ndi pena ponse. Guluu wake weniweni ndi monga Aquaseal, ngati muli ndi m'bale ku Joni mutumeni, kadontho kamodzi kokha mkati kamatseka.

Chovuta kwambiri pa zonsezi si guluu ayi, ndi kudikira. Musamate m'mawa masana muli kale m'damu. Ipatseni maola 24 ili pamthunzi, kenako yesaninso ndi buluku louma lija musanaikhulupirire. Ndikulimbikira chonchi chifukwa cha likodzo mwatchulalo, tizilombo take timachokera mu nkhono za m'madzi odekha a udzu ndipo timalowa pakhungu, ndiye jombo yolowa madzi ikungokunamizani kuti mwatetezeka. Poti mwakhala mukunyowa miyezi imeneyi, kapimitseni ku chipatala, mankhwala ake a praziquantel alipo.

Ikakhala kuti labala yense wachita ming'alu ngati nthaka ya m'dambo chilimwe, pamenepo ndiye taya. Zimachitika ndi kuyanika padzuwa komanso kusunga pafupi ndi petulo kapena oilo. Muziitsuka, muziipachika chadodolido m'nyumba pomwe makoswe safika.

FUNSO: Mwana wanga amapita ndi anzake ku nyanja ya Malombe usiku, akuti ndimugulire jombo zomwezi azivala m'bwato chifukwa Juni kumazizira. Zili bwino? — Mayi, M'baluku

YANKHO: Ayi mayi, musamugulire. Izi ndi zoyendera pomwe phazi likuponda pansi. Bwato likagudubuka madzi amadzaza mkati, kusambira kumavuta, ndipo pokwera kubwerera m'bwato amakhala akukoka ndowa ziwiri za madzi kumiyendo, mumdima. Ngakhale achimwene a ku Namiasi aja azimanga lamba wothina m'chiuno pamwamba pa jombo akamalowa m'damu kuti akaterereka madzi asalowe onse nthawi imodzi. Mwanayo mugulireni juzi yokhuthala ndi jekete ya mvula, ndalama ikatsala muonjezere jekete ija yoyandamitsa munthu pamadzi.