Chigayo chikudikireni, yambani mwayeza mtedza

Funso: Ndimapanga chiponde ku Rosettenville, ku Joni, ndimagulitsa kwa anzathu aku Malawi pa R25 botolo la 400g. Thumba la mtedza wosenda la 50kg limandifika pa R1,500 kuchokera kumudzi. Malonda akuyenda koma ndalama sizioneka. Kodi ndikongole kwa mashonisa ndigule chigayo chachikulu?

Yankho: Achemwali, mashonisa ndi katapila yemwe uja, wangosintha dzina atawoloka Beitbridge. Musiyeni. Vuto lanu lili m'thumba la mtedzalo.

Fakitale iliyonse, kaya ya shuga ku Nchalo kaya yanu ya m'khitchini, imagula chinthu china n'kutulutsa china, ndipo pakati pamakhala chotayika. Nzimbe zambiri zimathera m'madzi ndi m'zitsotso. Choncho mtengo wa chopangira katundu umawerengedwa pa zomwe zatsala pomaliza, osati zomwe zatsika m'basi pa Park Station.

Inu mukuti kilo ndi R30, ndiye kuti mtedza wa botolo limodzi ndi R12. Ayi ndithu. Sankhani wowola ndi wofwapa, kazingani madzi achoke, pukusani, petani. Tinene kuti mwatsala ndi 40kg. Mavenda ena amawaza madzi mtedza kuti usendeke msanga ndi kulemera, ndiye kuti mwalipirira madzi thiransipoti kuchokera ku Mchinji mpaka ku Joni. Madzi omwewo ndiwo amabweretsa chuku, ndipo poizoni wake, aflatoxin, safa ndi kukazinga. Mu 2024 masitolo akuluakulu kuno ku South Africa anachotsa chiponde m'mashelefu pa nkhani yomweyi. Wachuku tayani, musaumve chisoni.

Tsopano pomwe pamandiwawa. Thumba likangofika, alamu abwera kudzatapa wotendera masamba, azakhali atumiza mwana ndi kajumbo, "ndi wakwathu uwu". Pofika Lamlungu 5kg yapita, ndipo palibe pomwe mwalemba. Ndikudziwa simunalembe, makalata otere ndawerenga ambiri. Zatsala 35kg, mabotolo 87 kapena apo, mtedza wokha R17 pa botolo. Onjezani botolo, chizindikiro, mchere, magetsi. Pa R25 paja mwatsala ndi chiyani? Mwina ya taxi.

Chigayo chachikulu chingokuthandizani kuluza mwachangu, chiwongoladzanja chili pamutu.

Gulani sikelo ndi kope. Yezani katatu: pofika, mutasankha, mutakazinga. Wachibale akafuna mtedza, muyezereni, mulembe dzina lake ndi mtengo wake iye akuona. Mukatero pa matumba atatu mundilemberenso, tikambe za mtengo watsopano wa botolo.