Kwa mayi a ku Mufakose, ku Harare, amene mwana wawo akuvutika kuwerenga

Mayi, ndawerenga funso lanu lija munafunsa m'gulu lathu lino loti mnyamata wanu ali giredi 3 koma mpaka pano kuwerenga kukukanika, akamalemba amasokoneza b ndi d, aphunzitsi akuti ndi ulesi ndipo bambo ake akuti akufunika chikwapu basi. Chonde chikwapucho chiyambe chaima. Mwana woti amakufotokozerani nkhani yonse ya mpira osaphonya, mukamutuma amabwera ndi chenji chokwanira, koma akaona pepala mutu umaima, ameneyo si waulesi ayi. Iyeyo akudziwa kale kuti anzake amusiya m'mbuyo ndipo zikumuwawa mumtima ngakhale sanena.

Yambani mwapita naye kukiliniki akamuone maso ndi makutu, chifukwa ana ena amangokhala kuti sakuona bwino pa bolodi kapena sakumva bwino aphunzitsi. Zikapezeka kuti zonse zili bwino kaonaneni ndi ahedi, muwapemphe kuti mwanayo akayezedwe ndi a Schools Psychological Services, nthambi ya unduna wa maphunziro a pulayimale ndi sekondale yomwe ntchito yake ndi ana oterewa. Funsaninso ngati pasukulupo pali mphunzitsi wa remedial, wothandiza mwapadera ana otsalira m'mbuyo. Amene angakuuzeni ngati ndi dyslexia ndi akatswiriwo, osati ife a m'gulu muno. Dyslexia ndi vuto loti ubongo umachedwa kulumikiza kamvekedwe ka mawu ndi zilembo, silikhudzana ndi nzeru za mwana, ndipo nthawi zambiri limayenda m'magazi moti mukafufuza mupeza amalume kapena agogo ena amene sukulu inawavuta chimodzimodzi. Kutembenuza b ndi d pakokha si umboni, ana ambiri amatero mpaka zaka 7 kapena chapompo.

Tsono zoyezazo zimatenga nthawi, inu musakhale chodikira. Ana athu kuno ku Harare ali pa chintchito chachikulu, pakhomo Chichewa, kunja kosewera Chishona, mkalasi Chingerezi, ndiye ife timathamangira kumukakamiza Chingerezicho chomwe kalembedwe kake sikagwirizana ndi katchulidwe. Ine ndikuti yambirani ku chilankhulo chimene mwanayo amayankhula momasuka, kaya ndi Chichewa kaya Chishona, chifukwa zonse ziwiri zimalembedwa momwe zimamvekera, a e i o u basi. Ndipo poyamba pepala lisaoneke n'komwe. Muli kukhitchini mukutakasa nsima, muziwomba naye m'manja mukudula mawu, ma-te-mba, to-ma-to, sa-pa-to, mumufunse kuti ndi mawu ati ena oyamba ngati mutu, anene munda, mudzi, munthu. Zikuoneka ngati masewera koma apa m'pamene pagona nkhani yonse, mwana amene khutu lake silitha kudula mawu m'zidutswa sangathe kuwalumikiza pa pepala.

Akazolowera tolani zitsekerero za mabotolo mulembepo ma me mi mo mu, ta te ti to tu, azisuntha yekha n'kupanga mutu, mate, tate. Zovuta ngati mb, nd, ng' kapena sv ndi zv za Chishona zibwere pambuyo, osathamanga. Polemba asayambire mu kope, alembe ndi chala pa mchenga, ndi khala pa simenti kapena pa ufa mu thireyi, chilembo chachikulu, uku akutchula kamvekedwe kake mokweza, kuti dzanja, diso ndi khutu zigwirire limodzi. Za b ndi d zija musaziphunzitse tsiku limodzi, mutenge b yekha sabata yonse mpaka akhazikike, d adzabwera.

Mphindi 10 kapena 15 patsiku zakwana, bola tsiku lililonse, atadya komanso atapumako, osati akungofika kumene kuchokera kusukulu. Mukaona misozi kapena inuyo mtima wayamba kukwera, siyani, mawa kuliko. Akalemba chiganizo musamudulire paliponse polakwika, sankhani chimodzi chokha choti akonze, zinazo muziyang'anire kumbali ndipo mumuuze chimene wachita bwino ndendende. Mumupatsenso zolemba zenizeni, monga zinthu zoti mukagule ku Mbare Musika kapena meseji ya pa WhatsApp yopita kwa agogo ake.

Chinanso musasiye kumuwerengera inuyo, olo ndi wamkulu kale. Magetsi akathima muuzeni nthano za Kalulu, kenako abwereze yekha ndi mawu ake. Mabuku a ana mukhoza kukawapeza ku Harare City Library ku Rotten Row, asankhe yekha ngakhale litakhala la zithunzi zambiri looneka ngati la ku ECD, kalasi ya ana omwe sanayambe giredi 1, ndipo abale ake asamuseke, ichi muwauziretu mwamphamvu.

Pa za ma extra lesson mwafunsazo, musanalipire mufunse mphunzitsiyo kuti azimuphunzitsa motani. Ngati ndi kukopera manotsi pa bolodi ndi ana ena 20 monga mkalasi momwe, ndalamazo zingopita. Makope ake akale musataye, muwasunge pamodzi kuti tsiku lokayezedwalo mukawaonetse akatswiriwo, ndipo bambo ake ayesetse kupita nawo akamve okha.