Injini yosinthidwa ikugogoda pachitunda: timing iikidwe pati?

FUNSO: Akonzi, ndili ndi Toyota Corolla ya injini ya 4A-GE imene tinaipala hedi kuti kompulesheni ikwere. Makaniko wanga anakonza timing (nthawi imene pulagi imayatsa moto) pongomvetsera ndi khutu, ndipo ku Lilongwe galimoto imathamanga bwino, koma tsiku lina pochokera ku Chikwawa kukwera mapiri opita ku Blantyre, injini inkalira ngati timiyala tikugwedezeka m'chitini. Kodi ndichitenji? Wowerenga wa ku Lilongwe.

YANKHO: Bambo, phokoso limenelo musalinyozere ngakhale pang'ono, chifukwa likusonyeza kuti petulo wina akuphulika yekha mu silinda moto wa pulagi usanamufike, ndipo kugogoda kotere kukapitirira kumathyola malo okhala mphete za pisitoni kapena kuotcha gasiketi ya hedi.

Pulagi imayatsa moto pisitoni isanafike pamwamba penipeni, pamene amakaniko amati TDC, popeza petulo amatenga kanthawi kuti apse, ndipo cholinga n'chakuti mphamvu yaikulu ikankhe pisitoni itangoyamba kutsika, pafupifupi madigiri 15 a kuzungulira kwa injini itadutsa pamwambapo. Toyota inaika timing pa madigiri 10 pisitoni isanafike TDC pa injini imeneyi, koma nambalayo ndi ya injini imene sinakhudzidwe. Inu mutapala hedi, mpweya ndi petulo zikufinyika kwambiri, zikupsa mofulumira, choncho moto suyeneranso kufulumira monga kale. Vuto la khutu ndi lakuti injini ikamalira galimoto itaima, imamveka bwino moto ukafulumizidwa, ndipo makaniko amakopeka kupitiriza kupotoza distributor (chipangizo chogawira moto ku mapulagi), pamene ngozi imadzaonekera galimoto ikamakoka molemera.

Malo nawonso ali ndi mbali yake. Lilongwe ili pamtunda wopitirira mamita 1,000 kuchokera pamene pali nyanja yamchere, pamene chigwa cha Shire chili m'munsi kwambiri ndipo n'kotentha, moti kumeneko injini imakoka mpweya wochuluka ndi wotentha, zimene zimachititsa kugogoda. N'chifukwa chake ku South Africa petulo wa okiteni (nambala yosonyeza mmene petulo amapiririra kugogoda) 93 amagulitsidwa kumtunda monga ku Johannesburg, koma m'mbali mwa nyanja amagulitsa wa 95.

Pezani timing light, tochi yapadera yoyezera timing. Injini itenthe kaye, kenako lumikizani ndi waya malo olembedwa T (kapena TE1) ndi E1 pa kabokosi koyezera matenda a injini, kuti kompyuta ileke kusintha timing pamene mukuyeza. Musanakhulupirire chizindikiro cha timing cha pa pule ya kutsogolo kwa injini, tsimikizani kuti chikugwirizana ndi TDC ya silinda yoyamba, pakuti labala ya m'pule yakale imatha kutsetsereka n'kukunamizani. Bwezani timing pa madigiri 10, chotsani waya munalumikiza uja, ndipo mukayese pachitunda masana dzuwa likuswa mtengo, muli pa giya yapamwamba mutaponda mafuta. Mukamva kugogoda, chotsani phazi nthawi yomweyo, chepetsani timing ndi madigiri awiri, muyesenso mpaka phokoso litatheratu.

Ine ndikanakonda mutaye mphamvu pang'ono kusiyana ndi kugula mapisitoni atsopano. Ngati kugogoda sikutha ngakhale mutatsika mpaka madigiri 6, lekani kupotoza distributor, popeza mwina petulo akulowa wochepa kapena hedi inapalidwa mopitirira, ndipo pamenepo pafunika kuyeza kompulesheni ndi kuganizira gasiketi yochindikala.