Ndili ndi zaka 46 ndipo ndikufuna kukwatiwanso: za thupi langa ndikafunse kuti?

Mayi wina wa ku Angónia, kufupi ndi Ulónguè, wanditumizira imelo. Dzina sinditchula. Akuti: “Ndili ndi zaka 46, amuna anga anamwalira zaka zinayi zapitazo. Bambo wina woyendetsa galimoto ya katundu mumsewu wa ku Zóbuè akufuna kundikwatira. Msambo wanga wayamba kudumphadumpha. Za m'nyumba zonse zimene ndikudziwa ndinazimva kuchinamwali ndili mtsikana. Kuchipatala chipinda cha nkhani zimenezi n'cha achinyamata, ndipo anamwino ake ndi msinkhu wa mwana wanga. Munthu wamkulu ngati ine ndikafunse kuti?”

Mayi, zikomo polimba mtima. Chipinda mukunenacho ndi SAAJ, ndipo n'zoona kuti n'cha azaka 10 mpaka 24. Koma si khomo lokhalo. Pachipatala chomwecho pali malo oyezetsera magazi ndi kulandira uphungu, amene ambiri amati UATS, palinso sikelo ya amayi komwe amaona za kulera. Konseko salabadira msinkhu. Ngati Chipwitikizi chimakuvutani, nenani poyamba pomwe kuti mukufuna kufotokoza m'Chichewa, ndipo akufunireni womva chinenero chathu. Namwinoyo angakhale mwana kwa inu, koma nkhani ngati yanuyi amaimva tsiku ndi tsiku, ndipo ntchito yake imamuletsa kukaiulula kunja.

Anankungwi sindiwanyoza ayi. Anatiphunzitsa ukhondo, ulemu ndi kusamala banja. Koma mwambo umene munalandira unali wa thupi la mtsikana wongotha msinkhu, ndipo palibe amene anabweranso kudzakulangizani za thupi la mayi wa zaka 46. Apa ndi pamene amayi ambiri amavutikira chamumtima.

Tiyambe ndi msambo. Kudumphadumphako nthawi zambiri ndi chizindikiro choti mukuyandikira kusiya kusamba, zimene zimachitika kwa amayi ambiri pakati pa zaka 45 ndi 55. Koma chenjerani, mimba ingathe kubwerabe. Amati mayi wasiya kusamba akatha miyezi 12 yotsatizana osaona kanthu, ndipo amene sanakwane zaka 50 amalangizidwa kulerabe kwa zaka ziwiri chionereni msambo womaliza. Njira zilipo: jakisoni wa miyezi itatu, kachipangizo ka pamkono, lupu, makondomu. Akayambe akuyezani kuthamanga kwa magazi, chifukwa mapiritsi ena sayenera mayi wa msinkhu wanu amene magazi ake amathamanga kwambiri.

Pali mawu amene amayendayenda m'midzi, akuti mayi wosiya kusamba akagona ndi mwamuna mimba imatupa chifukwa zoipa zilibe potulukira. Si zoona. Chimene chimachitikadi n'chakuti njira ya amayi imauma ndipo khungu lake limapyapyala, motero kugonana kumatha kupweteka. Mankhwala azitsamba oumitsa, amene ena amaika kuti asangalatse bambo, panthawi imeneyi amavulaza kwambiri. Amasiya timabala tosaoneka, ndipo timabalato ndi polowera matenda. Funsani mafuta ofewetsa opangidwa ndi madzi, kuchipatala kapena kufamasi. Vaseline ndi mafuta ophikira ayi, chifukwa amaboola kondomu.

Tsono nkhani yaikulu, imene ndikupemphani kuti musaizengereze: mukayezetse magazi nonse awiri musanalowane. Sindikuweruza bamboyo chifukwa cha ntchito yake, inunso muli ndi mbiri yanu monga munthu aliyense amene anakhalapo pabanja. Kafukufuku wa INSIDA wa 2021 anapeza kuti akuluakulu 12.5 pa 100 alionse m'Mozambique ali ndi HIV, ndipo amayi ndiwo ochuluka kuposa abambo. Ambiri mwa iwo ndi anthu onenepa bwino, olima minda yawo ya mbatatesi ndi chimanga popanda chodandaula. Maso sangakuuzeni kanthu. Mukapezeka mulibe, mubwerezenso pakatha miyezi itatu, ndipo pakati apo kondomu isasowe, kaya ndi yaulere ya kuchipatala kaya ndi Jeito wa pagolosale.

Mudzayamba bwanji kuwauza? Musayambe ndi iwo, yambani ndi inu mwini: “Bambo, ine ndikufuna kukadziwa m'mene ndilili tisanamange banja, tiyeni mundiperekeze.” Ngati zikukulemerani, ankhoswe alipo, nkhaniyi ilowe pamodzi ndi zokambirana zina za ukwati. Mwamuna wokana kukuperekezani paulendo waufupi ngati umenewu wakuonetsani khalidwe lake nthawi ikadalipo, ndipo ine ndingakuuzeni kuti muyambe mwaima kaye.

Nanga wina akapezeka ndi kachilombo ka HIV? Ukwati sukuthera pomwepo. Munthu amene akumwa ma ARV mosadumphitsa, mpaka kachilombo kosaonekanso poyeza, sapatsira mnzake pogonana. Kwa amene alibe kuli mapiritsi oteteza otchedwa PrEP, funsani ngati chipatala chanu chili nawo. Ndipo ife a ku Tete tili ndi chonyadira: magulu a GAAC, momwe anthu osapitirira asanu ndi mmodzi amasinthana kukatengerana mankhwala, anayambira m'chigawo chathu chino mu 2008 mothandizana ndi bungwe la madokotala la Médecins Sans Frontières, kenaka anafalikira dziko lonse. Anayambika chifukwa cha anthu okhala kutali ndi chipatala, onga a m'midzi ya ku Tsangano ndi Macanga, amene ulendo wa mwezi ndi mwezi umawadyera ndalama ndi tsiku la kumunda.

Tsiku lomwelo pemphani akuyezeninso chindoko. Chimatha kubisala zaka zambiri chilonda chitapola, koma chimachizika ndi jakisoni wa penisilini. Chinzonono nachonso mwa amayi nthawi zambiri sichionetsa zizindikiro. Wina akapatsidwa mankhwala, mnzakenso alandire, apo ayi muzingobwezerana.

Chimene chimandipweteka mtima kwambiri ndi khansa ya khomo la chiberekero, chifukwa ikutitengera amayi a msinkhu wanu pomwe ikanatha kugwidwa msanga. Kuyeza kwake n'kwa mphindi zochepa: namwino amapaka viniga pakhomo la chiberekero n'kuona ngati pali malo amene asanduka oyera, ndipo akawapeza msanga amawathetsa asanasanduke khansa. Mayi amene ali ndi HIV chiopsezo chake n'chachikulu kuwirikiza kasanu ndi kamodzi. Mukaona magazi mutagonana, magazi obwera mutasiya kale kusamba, kapena chikazi chonunkha chosatha, musadikire kuti mukolole kaye, pitani sabata yomweyo.

Ngati muli ndi mdzukulu kapena mwana wamkazi wa zaka 9, mufunsenso za katemera wa HPV, kachilombo koyambitsa khansa imeneyi. Dziko lathu linayamba kupereka katemerayu kwa atsikana mu 2021. Mukabwerako mundilemberenso, makamaka ngati pali mawu a namwino amene simunawamvetse, tidzawamasulire limodzi.