Nyumba yakale ku Kapata: yang'anani pamene anawonjezera

Mayi wina wa kuno ku Chipata walemba pa imelo kuti: "Ndapeza nyumba ku Kapata, zija zinali za khonsolo. Mwini wake anawonjezera zipinda ziwiri kumbuyo, anagwetsanso khoma kuti pabalaza pakule. Penti ndi yatsopano. Ndione chiyani ndisanapereke ndalama?"

Mayi, penti iiwaleni. Nyumba zambiri za khonsolo zinagulitsidwa kwa okhalamo cha m'ma 1996, ndipo kuyambira pamenepo aliyense ankawonjezera malinga ndi thumba lake. Chimango chakale nthawi zambiri chimakhala cholimba. Nkhani ili polumikizira.

Imani panja pomwe khoma latsopano lakumana ndi lakale. Ngati njerwa sanazilowetsane, mupeza mng'alu woongoka kuchoka pansi mpaka kudenga. Ukakhala wotambalala kumwamba, maziko a chipinda chatsopano akumira. Mateni mng'aluwo ndi kasimenti pang'ono, mudzaonenso pakatha mwezi. Kakasweka, khoma likuyendabe.

Khoma logwetsedwalo ndilo loopsa kwambiri. Kwerani m'siling'i ndi tochi muone ngati mitengo ya denga inkatsamira pamenepo. Ngati sanaikepo lintel (mtanda wonyamula kulemera kwa denga) ya konkire kapena chitsulo, siling'i imayamba kugwa mimba pakati, zitseko zapafupi n'kumakana kutsekeka. Muli komweko, bayani mitengo ndi sikuludiraiva. Chiswe chimadya mkati n'kusiya khungu lokha.

Tsopano funsani kumene kuli septic tank. Mwini nyumba akayamba kukanda m'mutu, yendani m'zipinda zatsopano mukugogoda pansi. Malo akachepa, ena amamanga pamwamba pa thanki kapena manhole n'kuyala matailosi. Kukadzadza, mudzaswa chipinda chogona kuti mupope. Paipi ya chimbudzi ya 110mm iyenera kutsika pafupifupi sentimita 1 pa masentimita 40 aliwonse. Ikagona, madzi amayenda pang'onopang'ono, zolimba n'kutsala.

Za magetsi pali chodabwitsa chimene ambiri sachidziwa. Nyumba zina zakale waya wa earth, woteteza anthu kuti asagwidwe ndi magetsi, ankaumangirira ku paipi yachitsulo ya madzi. Wina akasintha mapaipi n'kuika apulasitiki, earth imathera m'malere, ndiye pompi ya m'bafa imayamba kuluma. Tsegulaninso soketi imodzi m'chipinda chatsopano, main switch itazimitsidwa. Soketi imafuna waya wa 2.5mm, sitovu 6mm, ndipo 1.5mm ndi wa magetsi ounikira okha. Mukapeza soketi yotengedwa ku waya wa babu, dziwani kuti ayironi ikhoza kuutenthetsa. ZESCO imalekezera pa mita, za mkati ndi zanu, choncho lipirani wamagetsi wa mapepala ayeze.

Denga likakhala la asibesito, musalole aliyense kulidula ndi giraindala kapena kulikwecha. Fumbi lake limawononga mapapo. Pomwe malata atsopano alowa pansi pa denga lakale, ayenera kupitirirana masentimita 15 kapena kuposa, osati kumata phula basi.

Chomaliza ndi chinyezi. Veranda kapena konkire ya panja ikakwezedwa kufika pa msinkhu wa pansi pa nyumba, madzi amalumpha DPC (pepala lotchinga chinyezi limene amayala m'munsi mwa khoma) n'kukwera khoma. Penti yamafuta imabisa miyezi yochepa, kenako imatuwa n'kusupuka. Gogodani pulasitala m'munsi mwa khoma, ikalira ngati ng'oma ndiye kuti yalekana ndi njerwa. Ngati mungathe kudikira, pitani mu Januwale mvula itagwa usiku, ndipo mupemphe mapulani ovomerezedwa ndi khonsolo a zipinda ziwirizo.