Pa Salima boma palibe nyanja, mayi

Mayi wina wandilembera kuti akufuna kukaonetsa ana ake awiri nyanja ku Salima, kupita ndi kubwerera ku Lilongwe tsiku lomwelo. Akuti kodi n'zotheka? Mayi, mwandikumbutsa zowawa.

Ine ndinayesapo ndi banja lonse. Tinapangana kunyamuka 6 koloko m'mawa. Nthawi inakwana mlamu wanga akusita malaya, apongozi akukazinga nkhuku yoti tikadyere kunyanja. Kudepoti tinafika cha m'ma 9, minibasi ikudikira kudzaza. Kondakitala ankangokuwa kuti watsala mmodzi, chonsecho mipando inayi ili gwaa! Mtunda wake ndi makilomita pafupifupi 100 okha pa msewu wa M14, koma tinatsika pa Salima dzuwa lili paliwombo, thukuta lili kamukamu. Mwana wanga anayang'ana uku ndi uku nkufunsa, "Adadi, nanga madziwo ali kuti?"

Kunalibe! Pa boma pali msika, makabaza ndi fumbi. Madzi ali ku Senga Bay, makilomita enanso pafupifupi 20. Tinaponda mchenga 2 koloko itadutsa, ana anangonyowetsa miyendo, apongozi ayamba kale zoti tizipita kusanade.

Nkhuku ija imandipwetekabe mtima. Munthu ungachoke ku Lilongwe nkukadyera nkhuku yozizira pamaso pa asodzi, chambo ndi kampango zili pomwepo? Ine zimenezo ndimazikana. Enanso ndi aja amangofika, kujambula kachilumba ka Lizard Island kumbuyo kwawo, kuponya pa Facebook, nkukwera galimoto osakhudza ndi madzi omwe. Ngati ndi choncho bwanji osangokhala ku Area 25?

Nanga munyamuke bwanji?

N'zotheka, bola mukhale kudepoti kusanache bwino, ndipo musatenge gulu. Mlamu asiyeni. Kuyambira Juni mpaka Ogasiti kumawomba mwera, mafunde amakula, ana musawakweze bwato. Okutobala ndi ng'anjo, tengani madzi akumwa okwanira. Ana asasambe m'malo a bango ndi madzi odikha, nkhono za likodzo zimakonda m'menemo. Ndalama yobwererera muisunge payokha m'chitenje, chifukwa ziboliboli za m'mbali mwa msewu zimakopa. Ikamakwana 4 koloko mukhale mutayamba ulendo wobwerera, msewu uja uli ndi zitunda ndi makona, si woyenda usiku ndi ana.