Jakisoni wa testosterone: yankho kwa bambo wa ku Chinamwali

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa bambo wina wa ku Chinamwali, wazaka 44. Dzina ndabisa monga anapemphera. Akuti chaka chino thupi lafooka, akaweruka kuntchito amangofikira kugona pampando, ndipo kuchipinda zinthu sizikuyenda ngati kale. Gondolosi atafuna mpaka nsagwada kulema, koma ayi ndithu. Mnzawo wa kujimu, amene wangobwera kumene kuchokera ku Johannesburg, ali ndi timabotolo ta Sustanon, jakisoni wa testosterone (homoni ya chimuna), ndipo akuti aziwabaya yekha. Funso lawo ndi lakuti, abayitse? Kumapeto kwenikweni kwa imeloyo, ngati chinthu chongokumbukira, anawonjezera kuti iwo ndi mayi akunyumba akufuna mwana wina.

Achimwene, ndiyambira pa mzere womalizawo, chifukwa nkhani yagona pamenepo.

Testosterone amapangidwa m'mavalo, koma lamulo loti apangidwe limachokera ku kachiwalo kakang'ono ka pansi pa ubongo kotchedwa pituitary. Mukabayitsa wochokera m'botolo, kachiwaloko kamaona kuti m'magazi mwadzaza kale, ndiye kamasiya kulamula. Mavalo amayamba kugona tulo, amachepa, ndipo mbewu ya abambo imatsika, kwa ena mpaka kutheratu. Choputsitsa n'chakuti umuna umatuluka ndithu monga mwa masiku onse, chilakolako n'kukwera, inu n'kumadziona ngati mnyamata, pamene mulibe mbewu. Si nthano iyi: mu 1990 bungwe la WHO linatulutsa zotsatira za kafukufuku amene anayesa jakisoni wa testosterone wa sabata ndi sabata ngati njira yolera ya abambo, ndipo inagwira ntchito. Mukasiya, mbewu imabwerera pakapita miyezi, ena chaka kapena ziwiri. Ndiye taganizani, mayi akumwa mankhwala, akuzungulira kwa asing'anga, achibale akuwaloza chala, chonsecho vuto lili m'kabotolo ka mnzanu uja.

Chachiwiri, ndani wakuuzani kuti testosterone wanu ndi wochepa? Kutopa ndi kugwa mphwayi kuchipinda kuli ndi makolo ambiri: matenda a shuga, kunenepa kwa pamimba, mowa, kusagona mokwanira, nkhawa za ngongole ndi fizi, HIV, mankhwala opha ululu monga tramadol, ngakhale matsagwidi amene anatsikira kumavalo munthu atakula kale. N'zoona kuti mahomoni amenewa amatsika ndi msinkhu, koma pang'onopang'ono, pafupifupi 1 peresenti pachaka. Sagwa ngati khoma la zidina nthawi ya mvula.

Chodziwira ndi magazi basi. Amatengedwa m'mawa, isanakwane 10 koloko, musanadye, chifukwa testosterone amakhala pamwamba m'mawa n'kumatsika dzuwa likamapendeka. Ndipo amayezedwa kawiri, masiku osiyana. Madokotala ambiri amati ndi wochepa akatsika pansi pa 300 ng/dL, komwe ndi cha m'ma 10 nmol/L, munthuyo alinso ndi zizindikiro. Yambirani ku Zomba Central Hospital, kapena kwa dokotala amene mumamukhulupirira. Pakafunika akutumizani ku Blantyre. Koma chonde mukanene zenizeni. Amunafe tikakhala pamaso pa dokotala, makamaka akakhala wamkazi, timayang'ana pansi n'kunena kuti "msana ukundivuta", n'kubwerako ndi panado. Mukapemphenso kuti akuyezeni shuga ndi BP. Abambo ambiri amene amabwera ndi dandaulo lanuli amatulukira kuti ndi shuga, ndipo ena akachepetsa mimba ndi mowa, testosterone amakwera yekha.

Sindikunyoza jakisoniyu ayi. Kwa mwamuna amene thupi lake lalepheradi kupanga, ndi mankhwala abwino: chilakolako chimabwerera, mafupa ndi minofu zimalimba. Sustanon 250 amabayidwa kawirikawiri pa masabata 3 alionse, enanthate pa sabata imodzi kufika atatu, pomwe Nebido, wa 1,000 mg, amakhalitsa masabata 10 mpaka 14. Onsewa ndi amafuta, amalowa mkati mwa mnofu wa thako. Afupiafupiwo amakweza munthu masiku oyamba n'kumutsitsa chakumapeto, moti akunyumba amadziwa okha kuti tsiku la jakisoni layandikira poona kukwiyakwiya.

Ndipo si chinthu chobaya n'kuiwala. Testosterone amachulukitsa maselo ofiira, magazi n'kulimba ngati phala losasukuluka. Muyezo wotchedwa haematocrit ukapitirira 54 peresenti dokotala amaimitsa kaye. Prostate, kachiwalo ka abambo ka pansi pa chikhodzodzo, nayo imayezedwa musanayambe ndi pambuyo pake, ndipo amene ali ndi khansa ya prostate kapena ya bere saloledwa n'komwe. Kafukufuku wamkulu wa TRAVERSE, wa mu 2023, wa abambo oposa 5,000, anapeza kuti testosterone wopaka pakhungu sanachulukitse matenda oopsa kwambiri a mtima, koma kugunda kwa mtima kosalongosoka ndi magazi oundana m'mapapo zinaoneka mochulukirapo. Mnzanu wa kujimu adzakuyezani zimenezi ndi chiyani? Kabotolo kakeko kayenda m'basi kudutsa Beitbridge ndi Mwanza, palibe akudziwa ngati zam'katimo zikugwirizana ndi zolembedwa kunja. Singano yobwerekana sindinena, HIV ndi hepatitis B mukuzidziwa.

Magazi akasonyezadi kuti ndi wochepa, muuzeni dokotala poyamba pomwe kuti mukufuna mwana. Alipo mankhwala ena, monga hCG ndi clomiphene, amene amadzutsa mavalo kuti azipanga okha, mbewu osaphedwa. Mayi muwatenge tsiku limenelo, akamve ndi makutu awo. Mnzanuyo muuzeni asunge kaye timabotolo take, ndipo zotsatira zikatuluka mundilemberenso.